Mmene mungapezere ntchito yoyamba yolemba mapulogalamu a kompyuta musanalembedwepo ntchito kulikonse

Anthu ambiri amene amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta amakakamira pamalo amodzi. Amamaliza maphunziro, kaya a kukoleji kaya a pa intaneti, amasonkhanitsa masatifiketi, kenako amatumiza makalata ofunsira ntchito kumakampani ndi kumabungwe, koma yankho silibwera, chifukwa pafupifupi chilengezo chilichonse cha ntchito chimafuna munthu amene wagwirapo kale ntchitoyo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Olemba ntchito akamatchula zaka zimenezo, chimene amafuna kwenikweni ndi umboni wakuti munthuyo anapangapo chinthu chimene anthu ena anachidalira, chitawonongeka iye n'kuchikonza, ndiponso wakuti amatha kugwira ntchito pa code (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira) imene inalembedwa ndi munthu wina. Umboni woterewu mungathe kuupanga nokha musanalembedwe ntchito, ndipo malangizo otsatirawa akufotokoza mmene mungachitire zimenezo. Atsata njira ya wopanga mawebusaiti ndi mapulogalamu oyendera pa intaneti, popeza ndiyo imafuna zipangizo zochepa ndipo zimene mwapanga zimaoneka msanga kwa aliyense amene ali ndi foni.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Laputopu, ngakhale yogula kwa munthu. Ya RAM ya 8GB ndi SSD imagwira bwino ntchito zonse zimene zatchulidwa pano. Ya 4GB imathanso mukaikamo Linux yopepuka monga Xubuntu kapena Linux Mint Xfce. Pogula yakale, yesani batire lake muli pomwepo, chifukwa kumene magetsi amathimathima, laputopu imene imazima mukangoichotsa pasoketi idzakudyerani maola ambiri.
- Visual Studio Code yolembera code, Git yosungira mbiri ya code yanu, ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Zonsezi n'zaulere.
- Akaunti ya GitHub (webusaiti yosungirapo ndi kuonetserapo code) ndi imelo zokhala ndi dzina lanu lenileni. Dzina lachibwana limene mumagwiritsa ntchito pa Facebook lisiyeni komweko.
- Bandulo ya intaneti imene mungaikwanitse mwezi ndi mwezi, komanso DevDocs kapena Zeal, zimene zimasunga mabuku ofotokoza zilankhulo za kompyuta m'laputopu mwanu kuti muziwerenga netiweki ikathawa.
- Chingerezi chokwanira kuwerenga uthenga umene kompyuta imalemba code ikalakwika.
- Maola awiri tsiku lililonse amene simudzawasinthanitsa ndi china, kwa miyezi yambiri ndithu.

Amene alibe laputopu angayambe pa foni ya Android poikamo Termux, imene imatha kuyendetsa Python ndi Git, koma kumeneko n'koyambira chabe pamene mukusunga ndalama zogulira kompyuta.

1. Werengani zilengezo za ntchito musanasankhe chophunzira

Sonkhanitsani zilengezo zosachepera 20 za ntchito za opanga mapulogalamu zochokera kumene mukufuna kukagwira ntchito, za m'manyuzipepala, za pa LinkedIn ndi za pamawebusaiti a mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe. Lembani papepala luso lililonse limene latchulidwa, ndipo muziika chizindikiro likabwerezedwa. Mudzaona kuti mayina ochepa ndiwo amabwerezabwereza: JavaScript, SQL, Git, ndi chimodzi mwa PHP, Python, Java kapena C#. Pepala limeneli ndilo likuuzeni chophunzira, osati mkangano wa pa intaneti wonena za chilankhulo chimene chili bwino kuposa china.

Ngati pepalalo silikukupatsani yankho lomveka, tengani HTML, CSS ndi JavaScript za mbali imene wogwiritsa ntchito amaona, Python ndi Django (chida cha Python chomangira mawebusaiti) za mbali ya seva, kompyuta imene webusaiti imayenderapo, ndi SQL yofunsira database, nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zinthu zake. Ngati zilengezo za kwanuko zadzaza ndi PHP ndi Laravel, tengani zimenezo m'malo mwa Python ndi Django; njira yonse yotsalayi sisintha.

Chenjezo: mukasankha, musasinthe kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amene amadumpha kuchoka pa Python kupita pa Java, kenako pa Flutter, chaka chimatha akungodziwa kulemba mzere woyamba m'zilankhulo zinayi.

2. Tsatirani maphunziro amodzi mpaka kumapeto

Maphunziro aulere amene ali ndi dongosolo lathunthu alipo atatu odziwika bwino. CS50 ya yunivesite ya Harvard, imene amaphunzitsa David Malan, imayambira pa Scratch ndi C n'kudzafika pa Python, SQL ndi mawebusaiti. Ndi yovuta, koma imaphunzitsa kuganiza, ndipo amene wakhoza ntchito zake zonse amalandira satifiketi yaulere. The Odin Project imakukakamizani kuika zipangizo pakompyuta yanu ndi kugwiritsa ntchito Git kuyambira pachiyambi, monga mmene zimakhalira kuntchito, ndipo zambiri zake n'zowerenga, choncho sidya bandulo ngati mavidiyo. freeCodeCamp imakulolani kulemba code pawebusaiti pomwepo ndipo ndi yofewa kwa amene akungoyamba kumene. Sankhani amodzi mwa amenewa, ndipo pofuna kumvetsa bwino za HTML, CSS ndi JavaScript muziwerenga MDN Web Docs ya Mozilla.

Pa ola lililonse limene mwaonera kapena kuwerenga, muzikhala ndi ola lina lolemba code nokha, phunzirolo litatsekedwa. Code ikakana kuyenda, werengani uthenga wofiirawo mpaka kumapeto musanapite kukafunsa, chifukwa nthawi zambiri umatchula dzina la fayilo ndi nambala ya mzere pamene pali vuto. Mu Python, mzere wotsiriza wa uthengawo ndiwo umanena mtundu wa cholakwikacho.

Chenjezo: ChatGPT, GitHub Copilot ndi zina zotere zimatha kukulemberani yankho la ntchito iliyonse ya m'maphunzirowa pamasekondi ochepa. Zifunseni kuti zikufotokozereni uthenga umene simunaumve kapena mzere umene wakusokonezani, koma musazipatse ntchito yolemba yankho, chifukwa pa intavyu mudzafunsidwa kufotokoza code yanu mzere ndi mzere, ndipo amene sanailembe yekha amadziwika pafunso lachiwiri.

3. Yambani kugwiritsa ntchito Git sabata yoyamba

Anthu ambiri amachedwa kuphunzira Git poganiza kuti ndi ya akatswiri, chonsecho malamulo ake oyambira ndi ochepa. Lamulo la git init limayambitsa repository (malo amene Git imasungamo code ndi mbiri yake) m'foda yanu, git add limasankha mafayilo amene mwasintha, git commit -m limasunga kusinthako pamodzi ndi mawu ofotokoza (kusunga kumeneku ndiko kumatchedwa commit), ndipo git push limatumiza zonse ku GitHub. Mukazolowera zimenezi, phunzirani kupanga branch (nthambi ya code yogwirirapo pambali), kuiphatikiza ndi inzake, ndi kuthetsa mkangano umene umabuka anthu awiri akasintha mzere umodzi.

Commit iliyonse imalembedwa tsiku ndi nthawi, kotero kuti pakatha chaka mudzakhala ndi mbiri yosonyeza mmene ntchito yanu inakulira, ndipo wolemba ntchito angathe kuiwerenga yekha. Pachifukwa chimenechi mawu a commit azikhala omveka ndipo azilembedwa m'Chingerezi, kuti wina aliyense awamve. Mawu akuti "Fix interest calculation for late repayments" amauza wowerenga chimene chinachitika, pamene "update" kapena "final final" samuuza kanthu.

Chenjezo: musatumize pasiwedi ya database kapena makiyi achinsinsi ku GitHub. Ziikeni m'fayilo ya .env, ndipo dzina la fayiloyo mulilembe mu .gitignore, fayilo yotchula zimene Git isasunge, musanapange commit yoyamba. Mukalakwitsa n'kutumiza, kufufuta fayiloyo sikokwanira, chifukwa imakhalabe m'mbiri ya Git. Sinthani pasiwediyo nthawi yomweyo.

4. Pezani vuto lenileni la anthu enieni, mulipangire pulogalamu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amalephera. Kakyuleta, pulogalamu yolembera zochita za tsiku, ndi webusaiti yoonetsa nyengo zimene maphunziro a pa intaneti amapangitsa, wolemba ntchito anaziona kale kambirimbiri, ndipo amadziwa kuti zimakopedwa. Chimene chimamuimitsa ndi pulogalamu imene inapangidwira munthu wodziwika vuto lake: golosale imene imalemba ngongole m'kope, sukulu yapulayiveti imene imavutika kutsata amene walipira fizi, mpingo umene umasokonezeka ndi kaundula wa akhristu, kapena gulu la banki mkhonde. Titenge banki mkhonde, popeza pafupifupi aliyense ali ndi mayi, azakhali kapena mnansi amene ali m'gulu loterolo.

Musanatsegule laputopu, pemphani chilolezo kwa wapampando kuti mukakhale nawo pamsonkhano wa gululo kawiri kapena katatu, ndipo mukaonetsetse zimene mlembi ndi msungichuma amachita. Onani mmene amalembera masheya amene membala wagula, ngongole imene watenga, chiwongoladzanja, chindapusa cha wochedwa kubweza kapena wojomba, ndi ndalama za thumba la zadzidzidzi. Afunseni chimene chimawavuta kwambiri. Kawirikawiri ndi tsiku logawana ndalama kumapeto kwa chaka, pamene ayenera kuwerengera phindu la membala aliyense molingana ndi masheya ake, masamu n'kumakana kugwirizana ndi ndalama zimene zili m'bokosi, mikangano n'kuyambika. Funsaninso malamulo a gululo, chifukwa magulu amasiyana: ena amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama imene munthu anakongola poyamba, ena pa imene yatsala, ndipo ena amaphatikiza chiwongoladzanja chosabwezedwa ku ngongole ya mwezi wotsatira. Mukaganiza nokha lamulo m'malo mofunsa, pulogalamu yanu idzatulutsa nambala zosiyana ndi za m'kope, ndipo gulu lidzakhulupirira kope.

Mukabwerera kunyumba, jambulani matebulo a database papepala: la mamembala, la masheya, la ngongole, la zobweza, ndi la zindapusa. Kubweza kulikonse kukhale mzere wakewake wokhala ndi tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, wolumikizidwa ku ngongole yake. Oyamba kumene amakonda kuika malo amodzi otchedwa ngongole yotsala n'kumasintha nambala yake munthu akabweza, koma akatero mbiri imafufutika, ndipo membala akadzatsutsa kuti anabweza K15,000 mwezi wa Juni palibe poonera. Ngongole yotsala iziwerengedwa kuchokera ku mizere ya zobweza nthawi iliyonse imene yafunika.

Pa nkhani ya ndalama pali msampha wina umene aliyense ayenera kuuona ndi maso ake. Tsegulani Python, mulembe 0.1 + 0.2, ndipo yankho lake lidzakhala 0.30000000000000004, JavaScript nayonso imayankha chimodzimodzi. Izi zimachitika chifukwa cha mmene kompyuta imasungira nambala za madesimolo, ndipo tizolakwika timeneti tikaunjikana pa mizere mazana ambiri, ndalama za pakompyuta zimasiyana ndi za m'bokosi. Choncho ndalama muzizisunga ngati nambala zathunthu za matambala, kapena ngwee ngati muli ku Zambia, apo ayi mugwiritse ntchito Decimal ya Python ndi DecimalField ya Django. Ganiziraninso chimene chichitike pogawa phindu pakatsala ndalama yosagawika mofanana, ndipo yankho lake mukalitenge kwa gulu, popeza ndalamazo ndi zawo.

Yambani ndi zochepa zimene zingagwire ntchito: kulembetsa membala, kulemba masheya, kupereka ngongole, kulandira zobweza, ndi lipoti limodzi losonyeza zimene aliyense ali nazo. Django imabwera ndi tsamba la admin lokonzeka kale, lomwe lingakuthandizeni kuyesa matebulo anu musanapange masamba okongola. Lembani matesiti (code yoyesa ngati pulogalamu ikutulutsa yankho lolondola) a masamu a chiwongoladzanja, pogwiritsa ntchito zitsanzo zimene mwawerengera pamanja pamodzi ndi msungichuma; mwachitsanzo, ngati gulu limalipitsa 20 pa 100 iliyonse pamwezi, ngongole ya K50,000 iyenera kubwerera K60,000 pakutha mwezi umodzi, ndipo tesiti yanu iziyang'ana zimenezo nthawi iliyonse mukasintha code. Ofunsira ntchito yoyamba ambiri alibe tesiti ndi imodzi yomwe m'mapulogalamu awo, choncho ochepa amene ali nayo amaonekera.

Chenjezo: mayina, manambala a foni ndi ngongole za mamembala ndi zinsinsi zawo. Ku Malawi kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo ku Zambia kuli la 2021, loteteza zinthu zoterezi. Pa GitHub ndi pa pulogalamu yoonetsa kwa olemba ntchito muziikapo mayina opeka okhaokha.

5. Ikani pulogalamuyo pa intaneti, anthu aigwiritse ntchito, ndipo muziikonza

Pulogalamu imene imayenda pa laputopu yanu yokha palibe angaiyese. Webusaiti ya HTML, CSS ndi JavaScript zokha mungaiike pa GitHub Pages kwaulere, koma ya Django imafuna seva, monga za PythonAnywhere kapena Render, zimene zili ndi maakaunti oyambira osalipira. Werengani malire ake musanadalire, chifukwa amasintha. Poika pa seva, onetsetsani kuti DEBUG ya m'makonzedwe a Django ili pa False, apo ayi pulogalamu ikalakwika idzaonetsa zamkati mwake kwa mlendo aliyense.

Kenako ipatseni kwa msungichuma, pa foni yake, inu n'kungokhala chete kumaona. Mudzadabwa ndi zimene zidzachitika. Adzalemba 5,000 ndi koma pamene inu mumayembekezera 5000, adzadina batani losunga kawiri netiweki ikachedwa ndipo kubweza kumodzi kudzalembedwa kawiri, adzapeza mamembala awiri a dzina limodzi, ndipo mwina pamalo amene gulu limakumana sipagwira netiweki n'komwe, moti mudzayenera kupanga lipoti lotha kusindikizidwa papepala. Vuto lililonse mulilembe ngati issue pa GitHub, mulikonze, ndipo mulitseke ndi commit yofotokoza. Kwa miyezi yoyambirira gulu lipitirize kulemba m'kope mwake, ndipo pamsonkhano uliwonse muziyerekeza kope ndi kompyuta. Miyezi itatu kapena inayi ya ntchito yotereyi ndiyo mudzaitchule akadzakufunsani ngati munagwirapo ntchito, ndipo simudzakhala mukunama.

Malizitsani ndi fayilo ya README, imene ndiyo yoyamba kuonedwa ndi aliyense wotsegula repository yanu. Inene vuto limene pulogalamuyo imathetsa ndi amene amaigwiritsa ntchito, ionetse zithunzi ziwiri kapena zitatu, ipereke adiresi ya pulogalamu yoyeserera pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi zolowera, ifotokoze malamulo oyendetsera pulogalamuyo pakompyuta ina, ndipo inene mosabisa zimene sizinathe. Pemphani mnzanu atsatire malamulowo pa laputopu yake; akakakamira, README yanu ili ndi chosowa.

6. Thandizani pa pulogalamu ya open source

Kuntchito, nthawi yochuluka imapita powerenga ndi kukonza code ya anthu ena, ndipo luso limeneli mungaliphunzire pa mapulogalamu amene code yake ndi yotsegukira aliyense. Kwa munthu wa kuno, pali awiri oyenera kuwayang'anitsitsa. DHIS2, imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndi imene maunduna a zaumoyo a Malawi, Zambia ndi mayiko ena ambiri amasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala. OpenMRS ndi yosungira mbiri ya odwala, ndipo imagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa. Onsewa mbali ya seva inalembedwa mu Java, ndipo mbali yooneka imagwiritsa ntchito React, chida cha JavaScript, kotero kuti wodziwa JavaScript ali ndi poyambira. Dzina lanu likaoneka pa ntchito zimenezi, mabungwe a zaumoyo amene amalemba anthu a kompyuta amadziwa tanthauzo lake.

Werengani kaye fayilo ya CONTRIBUTING, yofotokoza mmene mungathandizire, yendetsani pulogalamuyo pakompyuta yanu, kenako fufuzani ma issue olembedwa kuti "good first issue". Lembani pansi pa imene mwasankha kuti mukufuna kuigwira, dikirani yankho, ndipo mutumize pull request (pempho loti alandire zimene mwasintha pa code) yaing'ono yokhudza chinthu chimodzi. Oyang'anira adzakubwezerani ndi ndemanga, nthawi zina zowawa. Zikonzeni mwaulemu, chifukwa zokambirana zimenezo zimakhala poyera ndipo nazonso ndi umboni wa khalidwe lanu.

Pali mipata iwiri yolipidwa imene imadutsira njira yomweyi. Google Summer of Code, imene inayamba mu 2005, kuyambira 2022 imalandira aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo amene ndi watsopano pa open source, ngakhale asali pasukulu. Outreachy imapereka internship ya miyezi itatu yogwirira kunyumba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Disembala mpaka Marichi, kwa anthu a m'magulu amene amasalidwa kapena ndi ochepa pa ntchito za umisiri wa kompyuta. Konseku amasankha poyang'ana zimene munathandizapo kale, choncho yambani miyezi ingapo nthawi yofunsira isanakwane.

Chenjezo: musatumize pull request zongosintha kadontho kapena chilembo chimodzi n'cholinga chochulukitsa nambala. Oyang'anira amazikana, ndipo dzina lanu limaipa.

7. Dziwikani, ndipo musanyoze ntchito zoyandikana nayo

Ntchito zambiri zoyamba sizilengezedwa. Munthu amangofunsa anzake ngati akudziwa mnyamata kapena mtsikana wodalirika. Pitani kumene opanga mapulogalamu amakumana, monga ku mHub ku Lilongwe kapena BongoHive ku Lusaka, kumisonkhano ya ICT Association of Malawi, ndi ku DevFest imene magulu a Google Developer Groups amachititsa chakumapeto kwa chaka m'mizinda yambiri. Mukafika kumeneko musayambe ndi kupempha ntchito. Onetsani pulogalamu yanu pa foni, ndipo mupemphe munthu wodziwa kuposa inu kuti ayang'ane code yanu n'kukuuzani polakwika.

Ntchito yothandiza ogwiritsa ntchito makompyuta paofesi, yoyesa mapulogalamu, kapena yoyang'anira data pabungwe nazonso ndi khomo. Mabungwe ambiri amasonkhanitsa mayankho a kafukufuku ndi KoboToolbox kapena ODK, ndipo amene amatha kukonza mafomu ake n'kulemba kapulogalamu ka Python koyeretsa data imene ena amaikonza pamanja mu Excel kwa masiku atatu, sachedwa kupatsidwa ntchito zazikulu.

Mukapeza ganyu yopangira munthu webusaiti, gwirizanani polemba zimene mudzapange, mtengo wake, ndi tsiku lomaliza, ndipo mulandire gawo la ndalama musanayambe. Dzina la webusaiti ndi seva zilembetsedwe m'dzina la mwini wake, osati lanu. Ngati kasitomala ali kunja, tsimikizani kaye njira imene ndalamazo zidzafikire ku akaunti yanu.

8. Lembani CV yoika ntchito zanu patsogolo

CV ikhale ya tsamba limodzi. Pansi pa dzina lanu ikani adiresi ya GitHub ndi ya pulogalamu yanu, kenako mapulogalamu amene mwapanga, ndipo maphunziro abwere pambuyo pake. Pa pulogalamu iliyonse nenani amene amaigwiritsa ntchito, kwa nthawi yaitali bwanji, zipangizo zimene munapangira, ndi vuto limodzi lovuta limene munathetsa. Nambala zimene mwalemba zikhale zoona, ndipo msungichuma kapena wapampando wa gululo, akavomera, akhale mmodzi wa okuchitirani umboni. Pa luso lembani zokhazo zimene mungayankhe mafunso ake.

Kalata yofunsira ntchito izilembedwa mwatsopano pa ntchito iliyonse, ndipo itenge zofunika ziwiri kapena zitatu za m'chilengezo n'kuzilumikiza ku zimene munachita. Funsirani ngakhale kumene akufuna zaka ziwiri ngati mukukwaniritsa zambiri mwa zotsalazo. Mabanki ndi maofesi a boma kawirikawiri saleka kufuna digiri kapena dipuloma, choncho amene alibe mapepalawo ayambire kumakampani aang'ono opanga mapulogalamu, kumene amayang'ana kwambiri code.

9. Konzekerani intavyu polankhula mokweza

Yembekezerani mafunso a mitundu itatu. Woyamba ndi kamasamu kolemba pomwepo, monga FizzBuzz, kumene mumasindikiza nambala kuyambira 1 mpaka 100, n'kulemba Fizz pa zogawika ndi 3, Buzz pa zogawika ndi 5, ndi FizzBuzz pa zogawika ndi zonse ziwiri. Ambiri amagwa chifukwa choyang'ana 3 ndi 5 paokhapaokha asanayang'ane 15. Wachiwiri ndi SQL, makamaka JOIN yolumikizira matebulo ndi GROUP BY yoikira mizere m'magulu, zimene mudzakhala mutazizolowera popanga lipoti la ngongole za membala aliyense. Wachitatu ndi pulogalamu yanu: chifukwa chimene munasankhira matebulo amenewo, chimene chinawonongeka, ndi chimene mungasinthe mutayambiranso.

Yesererani ndi mnzanu, mukufotokoza maganizo anu mokweza uku mukulemba, chifukwa wofunsa amafuna kumva mmene mukuganizira. Funso likakhala losamveka, funsani musanayambe kulemba. Mukafunsidwa chimene simukuchidziwa, vomerani, kenako nenani mmene mungachifufuzire. Ngati intavyu ndi ya pa intaneti, tchajani laputopu ndi foni, gulani bandulo yapadera pa netiweki ina, ndipo yesani mawu ndi kamera nthawi isanakwane.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kudikira kuti mudzayambe kufunsira ntchito mukadzadziwa zonse. Mukakhala ndi pulogalamu imodzi imene anthu akuigwiritsa ntchito ndi pull request imodzi kapena ziwiri zolandiridwa, yambani kutumiza makalata uku mukupitiriza kuphunzira, ndipo mafunso amene akugonjetsani pa intavyu iliyonse muziwalemba tsiku lomwelo kuti akhale phunziro la sabata yotsatira.

Ena amadzaza GitHub ndi mapulogalamu 30 osamalizidwa, ambiri okopera ku maphunziro. GitHub imalola kukhomera ma repository osapitirira 6 pamwamba pa tsamba lanu. Khomerani awiri kapena atatu amene mukunyadira, ndipo otsalawo muwabise.

Ena amalemba pa CV adiresi ya pulogalamu imene inasiya kuyenda kalekale. Maakaunti aulere a seva amatha kugona kapena kutha nthawi, choncho dinani adiresi iliyonse pa foni yanu musanatumize kalata.

Kugwira ntchito yaulere popanda malire nakonso kumapweteka. Kuthandiza gulu limodzi kwaulere kuti mupeze umboni n'kwanzeru, koma kampani imene imapanga phindu ikakuuzani kuti mugwire miyezi yambiri osalipidwa polonjeza kuti idzakuganizirani, pemphani kalata yonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza, amene azikuphunzitsani, ndi ndalama yoyendera. Chimodzimodzinso ntchito yoyesera imene ena amapereka pa intavyu: ya maola ochepa ndi yovomerezeka, koma yofuna kuti mumange pulogalamu yathunthu ya kampaniyo ikanidwe.

Chomaliza ndi akuba amene amadyera anthu ofuna ntchito. Amalengeza ntchito za pa intaneti za malipiro okopa pa WhatsApp kapena Telegram, kenako n'kupempha ndalama yolembetsera, ya maphunziro kapena ya zipangizo kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa wofunsira ntchito. Palinso ena amene amadzitcha olemba ntchito a kunja, n'kutumiza repository yoti muiyendetse pakompyuta yanu ngati mayeso, chonsecho muli code yoba mapasiwedi. Fufuzani kampaniyo pa webusaiti yake yeniyeni, onani ngati imelo yachokera ku adiresi ya kampaniyo, ndipo musanalembe npm install (lamulo loikira zimene pulogalamu ya JavaScript imafuna) pa code ya munthu wosamudziwa, tsegulani fayilo ya package.json muwerenge zimene zalembedwa pansi pa scripts.